Phwete la Kumanda

Munthu akakulakwira pamsika umaiwala usanafike n'kunyumba komwe. Akakulakwira pakhomo, mumakhala pansi n'kukambirana, zimatha. Koma munthu woseka pamanda a mwamuna wako, bokosi lili pazingwe, abusa ali pakati pa pemphero, ameneyo ndiye ayi. Ameneyo umamusungira malo mumtima n'kumadikira tsiku lake. Atelala a pakhonde la shopu ya matabwa ankadikira tsiku la mlamu wawo.

Shopuyo inali ya amuna awiri a bere limodzi, onse akalipentala. Anthu a mumsewumo sankadzivutitsa ndi mayina: wina ankangomuti Wamkulu, winayo Wamng'ono. Wamkulu ndiye anali mwamuna wa Atelala. Wamng'ono analibe mkazi, ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, bedi lake litapanikizana ndi zitini za vanishi. Atelala ankasoka pakhonde, nkhope kumsewu, msana kuchitseko cha shopu, moti nsalu za makasitomala awo zinkapita zikununkhira utuchi. Zaka zonsezo ankamuphikira mlamu wawoyo, kumuchapira, kumusokera zigamba m'mawondo. Sankawerengera. Anali m'bale wa bambo a m'nyumba, basi.

Wamkulu atamwalira ndi matenda a impso, Wamng'ono anaimirira pakati pa abale n'kunena kuti, "Bokosi la achimwene sitigula kwa munthu. Ndikhoma ndekha." Anthu anagwedeza mitu, amvekere chibale ndi chimenechi. Anadzitsekera m'shopu tsiku lonse. Koma m'mawa mwake amuna atalitulutsa bokosilo panja, aliyense anangoti kukamwa yasa. Theka la chivundikiro linali waliwali ndi vanishi, theka linalo thabwa losapala n'komwe, mizere ya pensulo ikuonekera. Mbali imodzi zogwirira zonse zili m'malo mwake, mbali inayo kulibe ndi chimodzi chomwe. Mwini ntchitoyo ataima poteropo, akupukuta m'manja ngati wachita zakupsa. Atelala anathamangira pakhonde, anatenga nsalu ya makatani ya kasitomala wina n'kufunditsa bokosi la mwamuna wawo kuti abise manyazi. Onyamula a mbali yopanda zogwirira anachita kulowetsa manja pansi.

Zimenezo akanakhululuka. Munthu ukaferedwa mutu sugwira. Koma kumanda kuja, abale inu! Bokosi likutsika, anthu onse ali zii, kunamveka kaphokoso ngati wina watsamwa. Kenaka phwete. Osati kumwetulira kobisa m'kolala ayi, phwete lenileni la m'bala. Wamng'ono atapindika, atagwira pamimba, akuseka mpaka kutsokomola. Abusa anasiya pemphero panjira. Amuna ena anamugwira uku ndi uku n'kumukokera kumsewu, iye akusekabe. Atelala sanalirenso tsiku limenelo. Misozi inauma pomwepo, ndipo poponya dothi m'dzenje analankhula chamumtima kuti, "Alamu, mlandu suola. Mudzandiona."

Wosonkhezera moto anali mayi wa golosale yoyandikana nawo, amene msewu wonse unkamutchula kuti Wayilesi chifukwa sankazima.

"Asisi, ine sindikonda zolankhulalankhula," ankayamba choncho nthawi zonse, atatsamira pamakina a Atelala. "Koma munthu saseka chabe. Shopuyi ankaifuna yekha ameneyu. Tsiku lija kwa iye linali la chikondwerero."

Nayenso Wamng'onoyo sankadzithandiza. Anayamba kumeta ndevu tsaya limodzi, linalo n'kulisiya lili nyankhalala. Akadutsa pakhonde kuchokera kumsewu ankapereka moni bwinobwino, koma akamatuluka m'shopu ankawadutsa Atelala ngati mtengo. Tsiku lina anagunda makina awo ndi thabwa, ulusi wonse mbwee pansi, iye osacheuka n'komwe. Akamutumizira mbale ya chakudya, ankadya theka mwaukhondo ngati wachita kudula ndi mpeni, theka linalo n'kubweza. Ndiye kuti chiyani pamenepa? Kuti chakudya cha mayi wamasiye n'chosayenera kumaliza? Ndipo wina akangotchula malemu, ngakhale kasitomala wongopepesa maliro, phwete lija linkayambiranso.

Phwetelo likamveka kumbuyo kwawo, thupi la Atelala silinkadikira kuti aganize kaye. Mtima unkangoti dididi, m'manja thukuta, m'makutu muli ngwii, ndipo fungo la dothi lofukulidwa kumene linkawafika m'mphuno ngakhale kunja kuli ng'amba. Phazi linkapalasa makina mwaukali mpaka singano thyoo. Tulo tinawathawa. Chakudya ankangochisiya m'mbale. Anaonda mpaka kumadzichepetsera okha masiketi, koma wowafunsa ankamuyankha kuti ali bwino, chimene chikuwasowetsa mtendere ndi chinyama chili m'shopumo.

Anayamba ndi zing'onozing'ono. Analeka kumuphikira. Analeka kumuchapira. Kasitomala akaima pakhonde kufunsa kalipentala, iwo osakweza n'komwe mutu ankangoti, "Ngati mukufuna tebulo la miyendo iwiri, lowani." Anthu anayamba kulambalala.

Kenaka panali nkhani ya kiyi. M'shopumo munali makina a magetsi ochekera matabwa, aja a sowo yozungulira yotulukira pakati pa tebulo. Malemu anali munthu wamantha ndi makinawo. Anakhomera kabokosi pa swichi yake n'kuikapo loko, kiyi ankayenda nayo m'thumba, ndipo lamulo lake linali lakuti makinawo sayatsidwa ndi munthu mmodzi: wina akankhe thabwa, wina alandire kutsidya, maso anayi pa sowo. Ankakonda kunena kuti, "Makinawa ukawazimitsa amadyabe." Tsopano kiyiyo inali pampukutu wa makiyi a Atelala. Wamng'ono anaipempha kangapo.

"Alamu, tandibwerekani kiyi ya makina. Sowo yamanja ikundichedwetsa."

"Kakumbeni kumanda, mwini wake ali komweko. Mukasekenso bwino."

Iye ankangowayang'ana, nkhope ili phee, n'kubwerera m'kati. Chimenechi ndiye chinkawapsetsa mtima koposa. Umubaye munthu, iye osati n'komwe mayo! Kubwezera kwake kuli pati pamenepo?

Kumuthamangitsa sakanatha. Abale a kuchimuna anali atanena kale kuti chibale ndi fupa sichiola, kachipinda kaja ndi kake. Khoswe anali atakhala pamkhate. Nzeru inabwera ndi Wayilesi yemweyo.

"Asisi, bwanji osakamusiya kwa amisala? Akamulowetsa kumeneko satuluka msanga. Adzaseka ndi anzake."

Atelala anagona nayo nkhaniyo, ndipo m'mawa anadzuka ikukoma. Anawiritsa tiyi, anathira shuga wokwanira, anagogoda pakachipinda kaja ndi mawu onga a mlongo weniweni.

"Alamu, masiku ano simukuoneka bwino. Tiyeni kuchipatala akakuyezeni magazi. Ndikuperekezani."

Wamng'ono anathokoza mpaka Atelala kuyang'ana kumbali. Anatuluka atavala jekete mkono umodzi, mkono winawo wa jeketeyo ukulendewera kumsana. Atelala sanamukonze. Dokotala adzionere yekha.

Dokotala wake anali mayi wa tsitsi la imvi, wosapupuluma. Atelala anakhuthula zonse monga anazikonzera m'minibasi: bokosi, phwete, ndevu, mbale, ndipo anawonjezerako pang'ono kuti ndiwo zikome, akuti amalankhula yekha, akuti ana a mumsewu akumuopa. Anamaliza ndi kuti, "Adokotala, munthuyu mutu wazungulira. Mum'sunge konkuno asanapweteke munthu."

Dokotala anapatsa Wamng'ono pepala ndi cholembera kuti ajambule wotchi. Kalipentala uja anajambula chozungulira chokongola, koma manambala onse anawapanikiza mbali ya kumanja, kumanzere kuli mbee. Dokotala anamuuza kuti atsinzine, n'kumukhudza manja onse awiri nthawi imodzi.

"Ndakukhudzani kuti?"

"Kumanja."

"Kokha?"

"Kokha."

"Munagwapo masiku apitawa, bambo?"

Wamng'ono anaganiza. "Achimwene ali m'chipatala ndinagwa pafupi ndi benchi. Chinali chizungulire chabe. Ndinadzuka n'kupitiriza ntchito."

Anawatumiza kukajambulitsa mutu, ndipo atabwerako masana dokotala anaika chithunzicho powala n'kuloza kabanga kotuwa.

"Mayi, awa si amisala. Anachita sitiroko. Kamtsempha ka magazi kanatsekeka mu ubongo, mbali ya kumanja, ndipo kachigawo aka kanafa. Ubongo wa kumanja ndi umene umasamala za kumanzere. Maso awo ndi abwinobwino, koma chilichonse cha kumanzere ubongo wawo sukuchiwerengera. Tsaya, mbale, munthu woima mbali imeneyo, ngakhale dzanja lawo lomwe."

"Nanga kuseka? Kusekanso ndi kwa kumanzere?"

"Kuseka ndi kulira zili ndi mabuleki ake mu ubongo, kuti munthu aziseka pomwe akufuna. Mabuleki awo anaduka. Chinthu chikawakhudza kwambiri mumtima, kaya ndi chisoni, kaya ndi ululu, thupi limatulutsa phwete iwo asakufuna. Zimene zikutuluka pakamwa si zimene zili mumtima." Anatembenukira kwa wodwala uja. "Bambo, tsiku loika achimwene anu munkamva bwanji?"

Wamng'ono anatsegula pakamwa. "Achimwene..." Basi, phwete linaphulika m'kachipindako mpaka namwino kusuzumira pakhomo.

Atelala anagwira m'mphepete mwa mpando, mtima uli dididi, fungo la dothi lija lili m'mphuno. Chamumtima anati, madokotala awa, chilichonse amachipezera dzina, ngakhale mwano umene.

Dokotala anatembenukira kwa Atelala. "Nanga inu mayi, mukugona?"

"Sindinabwere kudzayezedwa ine."

"Ndikudziwa. Koma thupi lanu likuchita ngati mudakali pamanda paja. Mitsempha yanu inamva phwetelo pa nthawi yoipitsitsa, ndiye ikangolimva imakuthamangitsirani komweko musanaganize. Zimenezonso zimachizika. Mudzabwere tidzacheze."

"Tamva."

Dokotala analemba mankhwala, anafotokoza za mafizo, masewero aja ophunzitsanso thupi, anawauza kuti aziima kumanzere kwa wodwalayo n'kumamuitana kuti azolowere kutembenuka. Potsiriza anavula magalasi.

"Chachikulu ndi ichi. Mwati ndi kalipentala? Makina ochekera asawayandikire. Dzanja lamanzere amaliiwala, adzalisiya panjira ya sowo osadziwa. Ndawauza, koma matendawa amam'namiza munthu kuti ali bwinobwino, mawa adzakhala ataiwala kapena kutsutsa. Maso awo a kumanzere ndinu, mayi."

M'minibasi pobwerera, Wamng'ono anagona tulo mutu utatsamira pagalasi. Atelala anakhala chilili mumtima. Anapita kukataya munthu, abwerako atasenzetsedwa udindo womulera! Ndipo china chinkawaluma kwambiri. Miyezi yonseyi akumumana kiyi, akuganiza kuti akumukhaulitsa, kani ankamusungira dzanja? Anaseka pang'ono kaphwete kowawa mpaka wokhala nawo pampando kuwayang'ana. Mwa zonse zimene dokotala ananena, za kamtsempha, za mabuleki, za mafizo, mawu amene anatsala m'mutu mwawo anali atatu okha: dzanja lamanzere amaliiwala.

Musaganize kuti anali mayi wopanda mtima. Masiku angapo kiyiyo anangoigwiragwira pampukutu, kuichotsa, kuibwezera. Ankadziuza kuti mwina dokotala uja akunena zoona. Koma zoona za m'chipatala zinkakhala m'mutu, pamene phwete linkalowa m'mafupa. Wayilesi naye sanachedwe kuthirirapo ndemanga.

"Sitiroko? Ine amalume anga anachita sitiroko, pakamwa panapotoka, sankayenda. Uyu akuyenda, akudya, akukhoma misomali. Wamupusitsa dokotalayo, asisi. Ochenjera amatero."

Tsiku limene zinafika pamutu linali lowala bwino, msewu uli piringupiringu. Atelala analowa m'shopu kukatenga tsache, n'kupeza Wamng'ono atanyamula ovolosi ya malemu imene inkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Anali ataikumbatira pachifuwa, nkhope ataikwirira m'kolala yake, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Ovolosi imene iwo eni ake ankalephera kuichapa kuti fungo la mwamuna wawo lisachoke! M'maso mwa Atelala munada. Anabwerera pakhonde, anachotsa kiyi pampukutu, analowanso n'kuiika pabenchi. Anaiika mbali ya kumanja, pamene sakanalephera kuiona.

"Nayi kiyi yanu, alamu. Ndatopa n'kupemphedwa."

Wamng'ono anapukuta m'maso, anakoleka ovolosi ija, anatola kiyiyo ndi manja aulemu.

"Zikomo, alamu. Mulungu akudalitseni. Pali kantchito kamodzi kamene kakundisowetsa tulo." Anasolola thabwa lolimba, lofiirira, limene malemu ankalisungira kasitomala wapadera. "Chikwangwani cha pamanda paja n'chamalata, chayamba kale dzimbiri. Ndikufuna ndikhome chathabwa. Anthu akuti bokosi lija ndinalipaka mbali imodzi. Ine ndinaliona lonse likuwala, alamu, ndikulumbira. Ichi chokha ndikufuna chikhale bwino mbali zonse. Mudzandionere inuyo ndikamaliza."

Pamenepo china chake chinagwedezeka m'chifuwa mwa Atelala. Dzanja lawo linatsala pang'ono kutambasuka kuti lilande kiyiyo. Koma Wamng'ono anawonjezera kuti, "Achimwene anandilera ngati..." ndipo mawuwo anathera m'kaphwete, khi-khi-khi, kotulukira m'mphuno. Mtima wa Atelala unatsekeka ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo.

"Chekani," anatero.

Sanabwerere pakhonde. Anazungulira n'kukaima kumanzere kwake, pafupi ndi mulu wa mipando yosamaliza, pamene ankadziwa kuti kwa iye kulibe munthu. Anapinda manja. Ankafuna aone ndi maso awo.

Loko anatseguka. Makina analira, poyamba mobangula, kenaka mokwera mpaka mano a sowo kusanduka mkombero umodzi wotuwa. Wamng'ono anagoneka thabwa patebulo, anayang'anitsitsa mzere wa pensulo, n'kuyamba kukankha ndi dzanja lamanja. Lamanzere analiika patsogolo pathabwapo monga anazolowera zaka zonse, kenaka analiiwala pomwepo. Zala zinagona modutsa mzere uja. Sowo inaluma thabwa, utuchi unauluka, ndipo dzanja lija linayamba ulendo wake pang'onopang'ono, litakwera thabwa ngati katundu.

Atelala analiyang'ana. Eya, lipite. Dzanja limene linakana kupala bokosi la mwamuna wanga, lipite. Adziwe kuti kulira n'chiyani.

Koma poliyang'anitsitsa choncho anaona chinthu chimene anali asanachiganizire. Kachala kakang'ono kanali kopindikira m'kati, chikhadabo cha chala chachikulu chili chophwatalala, chokhala ndi mzere pakati. Dzanja la kwawo, lofanana ndi la malemu. Dzanja lomwelo limene linkawabweretsera tiyi pakhonde kukazizira, limene analigwira m'chipatala mpaka linazizira. Ana a mayi mmodzi, manja amodzimodzi.

Sanaganize. Miyendo inanyamuka yokha. Swichi inali kutsidya, kumanja kwa Wamng'ono, kutali. Anadziponya pamulu wa mipando ija, mipando gwedegwede pansi, anagwira chingwe cha magetsi n'kuchizula kukhoma ndi mphamvu zawo zonse.

"Alamu, dzanja!"

Kulira kwa makina kunatsika. Koma malemu ankanena zoona, makinawo ukawazimitsa amadyabe. Sowo inali ikuzungulirabe, ndipo Wamng'ono, pomva mawu ochokera kumene kwa iye kunalibe munthu, anacheukira kumanja, thabwa n'kulikankhanso pang'ono. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, kosiyana ndi ka thabwa.

Kenaka zii. Sowo inaima. Utuchi wa patebulo unayamba kufiira. Zala ziwiri, kakang'ono kaja ndi chinzake, zinali zitagona pazokha kuseri kwa sowo.

Wamng'ono anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna kudziwa chimene chamuluma. Ululu ndi umene unamukokera mutu kumanzere. Analiona dzanja lake, magazi ali chuchuchu. Anatsegula pakamwa.

Phwete.

Lomwe lija. Kuyamba ngati kutsamwa, kukwera, kupindika, kugwira pamimba ndi dzanja linalo, mpaka kutsokomola. Silinasiyane ndi la kumanda ngakhale pang'ono. Koma kumanda Atelala analimvera chapatali, kudzera pamapewa a anthu. Lero anali pafupi, ankaona nkhope yonse. Pakamwa pankaseka, koma maso anali atatong'oka ndi mantha, misozi ili mbwembwembwe, mitsempha ya m'khosi itaima, thupi lonse likunjenjemera ndi ululu. Palibe munthu padziko amene angasangalale zala zake zili patebulo.

"Alamu," anatero pakati pa phwetelo, mpweya ukumuthera. "Zikupweteka... ha-ha... mayo ine... nditsekeni pakamwa, alamu, chonde... nditsekeni pakamwa!"

Apa m'pamene Atelala anamvetsa. Ndiye kuti kumanda kuja munthuyu ankalira. Ankalira kuposa onse amene anali pamenepo, yekhayekha, anthu akumukoka ngati galu. Ndiye kuti ovolosi ija ankailirira. Dokotala anawauza ndi mawu omveka bwino, iwo anafuna umboni wa magazi, ndipo tsopano anaupeza.

Anathamangira pakhonde, anakoka nsalu yoyamba imene dzanja linagwira, diresi yoyera ya mwini wake yongotsala kupinda m'munsi, anaing'amba ndi mano n'kumanga dzanjalo zolimba. Analikweza m'mwamba monga ankachitira malemu akadzicheka. Zala zija anazitola okha, n'kuzikulunga m'kansalu kena.

Anthu anali atadzaza kale pakhomo. Patsogolo penipeni panali Wayilesi, manja ali m'chiuno.

"Mwaona? Ndinkanena ine! Wamisala ameneyu! Akuseka magazi ake omwe!"

Atelala anatembenuka. Mawu amene anatuluka anamveka mpaka tsidya la msewu.

"Tsekani pakamwa panu, mayi inu! Simukuona kuti munthu akulira?"

Wayilesi anazima. Kwa nthawi yoyamba chimangireni golosale ija, anazima.

Woyendetsa kagalimoto konyamula matabwa anawakweza kumbuyo. Atelala anakhala kumanzere kwa mlamu wawo, dzanja lomangidwa lija ataligwira m'mwamba ndi manja onse awiri, magazi akutsikira m'zigongono zawo. Phwete linali litachepa, kwatsala befu ndi kunjenjemera. Galimoto ikudumpha m'maenje, Wamng'ono anayang'ana kutsogolo n'kufunsa ndi mawu otopa.

"Ndani wandigwira?"

"Ndine, alamu. Ndili kuno. Tembenukani."

Anatembenuka movutikira, khosi likukana, mpaka maso ake anawapeza.

"Ha, alamu. Muli kuno kodi?" Anameza malovu. "Mukanapanda inu, dzanja lonse likanapita. Mwandipulumutsa. Dokotala uja ananena, ine wosamva."

Atelala akanakonda mlamu wawoyo awatukwane, awalavulire, awatchule dzina lililonse loipa. Koma kuthokozedwa! Misozi imene inauma kumanda ija inabwera yonse nthawi imodzi, ndipo analira mokweza pamsewu, anthu a panjinga akucheuka, osatha kudzipukuta chifukwa manja onse anali ndi ntchito.

"Musalire, alamu," anatero Wamng'ono. "Zala zitatu zatsala. Chikwangwani chija ndidzamalizabe, inu muzidzandionera mbali inayo."

Galimoto inakhota kulowa pageti la chipatala. Atelala anakwezanso dzanja lija m'mwamba pang'ono, chifukwa nsalu inali itayambanso kunyowa.